Mzere Wofiira pa Nyumba ya Ababa

Ntchito imene ndinkagwira ku Perth, ku Australia, ndikaifotokoza kwathu, anthu amaseka. Ndinkalosera madzi. Osati zaula ayi, koma kuyenda m'mbali mwa njanji za sitima zamumzinda, kuyeza kuti mvula yoopsa itagwa madzi angafike pati, angaononge chiyani, nanga anthu amene ali m'sitimamo angatuluke bwanji. Alekeni aseke, sakudziwa kuti kuyeza komweko n'kumene kunakhazika ababa m'nyumba tsiku limene mudzi wonse unkathawa madzi. Ena amati ndisamatero, ati zinali zolembedwa. Chabwino, tamvani kaye nkhani yonse, muweruze nokha.

Kwathu ndi ku Makhanga, kumene mtsinje wa Ruo umakathira mu Shire. Kumeneko madzi osefukira si nkhani yomvera pa wailesi. Ababa anagwira ntchito yapanjanji zaka zambiri, njanji ija inkatsikira ku Nsanje madzi asanaidule. Dzinja likafika ankayenda wapansi pakati pa njanjiyo atanyamula mbendera yofiira, ndipo akapeza pamene madzi akumba ankaimitsa sitima. Atapuma ntchito anabwera kunyumba ndi zinthu ziwiri: chidutswa cha njanji chotalika ngati mkono, ndi chikhulupiriro choti injiniya akanena wanena.

Chitsulocho anachipachika pa mtengo wa nsangu, pafupi ndi khwawa limene limadula njira yopita kumtunda, ku Osiyana. Madzi a m'khwawamo akangofika m'mawondo, ababa ankachiimba ndi hamala, ngwee ngwee ngwee, ndipo aliyense ankanyamula ana ndi mbuzi n'kuwoloka njira isanatsekeke. Madzi akaphwa ankabwerera ndi chikwanje n'kutema pa nsangupo pamene madzi a chaka chimenecho analekeza. Nyumba zathu zinali za zidina, zinkagwa, tinkamanganso. M'banja mwathu palibe amene anafapo ndi madzi, chifukwa panalibe chotsalira.

Tsiku limene ndinanyamuka kupita ku Perth, ababa anandiperekeza mpaka padoko. Matenda a shuga anali atawayamba kale, maso akuchita chidima, jakisoni akuwabaya achemwali anga a Malita m'mawa ndi madzulo. Sanandipatse malangizo ambiri. Anangoti ndikakafika ndikaone ngati azungu a kumeneko amaikanso miyala pansi pa njanji, ndidzawauze.

Ndinapita ngati mwana wasukulu, kukaonjezera maphunziro oyeza malo. Sukulu inalipo, koma mimba sidya mabuku. Chaka choyamba ndinakolopa makonde a chipatala ku Nedlands mpaka zikhato zinachita zikang'a. Tinkakhala ku Girrawheen, amuna asanu ndi mmodzi m'nyumba imodzi, chimbudzi chimodzi, firiji imodzi yolembedwa maina pa chilichonse, ngakhale pa tomato. Wamkulu wathu anali a Chisale, makaniko wa kumigodi, amene ankakwera ndege kupita kuntchito ngati mmene ife timakwerera minibasi. Akabwera kumigodiko ankaphika nyemba mphika wonse, n'kutikalipira kuti tawonda ngati agalu a mbeta. Anali munthu wamkamwa mowawa koma wamtima wabwino, ndipo ndi iwo amene anandipezera ntchito yapanjanji kudzera kwa mnzawo wa kutchalitchi.

Kampani yake inali yaing'ono, ndipo ntchito inali yoyendera njanji zonse n'kulemba lipoti la malo amene madzi angavutitse. Ine ndinali wonyamula ndodo yoyezera ndi wolowa m'makalavati, mapaipi aakulu aja odutsa pansi pa njanji. Bwana wanga anali Mayi Sakala, injiniya wochokera ku Chipata, mayi wamfupi wosaseka wamba. Dzina langa ankalidziwa bwinobwino koma ankangonditchula kuti Malawi.

Poyamba ntchitoyo inkandiseketsa ngati mmene imaseketsera anthu kwathu. Perth ndi mchenga wokhawokha, mvula ikagwa m'mawa masana kwauma gwa. Ndinawauza Mayi Sakala kuti anthu awa madzi sakuwadziwa, abwere kwathu adzaone nyumba ikuyenda ndi nkhuku padenga. Ananditengera pamalo ena pamene njanji imatsikira pansi pa msewu, n'kundionetsa kabokosi ka mawaya a zizindikiro za sitima kali m'munsi mwenimweni, ndi pampu imodzi yokha yopopa madzi. Anandifunsa kuti magetsi atazima mvula ili pakati, sitima yodzaza anthu n'kulowa m'menemo, ndingasekenso? Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya zamatama.

Ndinakwawa m'makalavati osawerengeka, abale. M'nyengo yozizira madzi ankalowa m'majombo mpaka zala kuchita dzanzi. M'nyengo yotentha munkakhala njoka, ndipo ntchentche za kumeneko zimafuna m'maso ndi m'kamwa basi. Sitima ikamabwera woyang'anira ankaliza mluzu, ife n'kukanirira kumpanda mpaka idutse. Tinafika mpaka kumene ankalambula njanji yatsopano yopita ku Ellenbrook, m'madambo momwe madzi ali pafupi ndi nthaka. Kulikonse njira inali imodzi: peza pamene madzi anafikapo kwambiri, werengera pamene angafike mvula itaposa pamenepo, onjezera theka la mita, lemba mzere. Chilichonse chofunika chikhale pamwamba pa mzerewo.

Kenako kunabwera mliri wa korona, boma la chigawo chakumadzulo kwa Australia n'kutseka malire. Wotuluka sankadziwa ngati adzaloledwa kubwerera, makamaka ife a mapepala ongoyembekezera. Sitima zinkayenda zopanda anthu, koma ntchito yathu sinaime, ati madzi sadziwa mliri. Ndinkagwira, kudya, kugona, osapita kulikonse, ndipo zimene ndinkapeza ndinkatumiza kwathu. Apa m'pamene ndinaganiza zowamangira ababa nyumba ya njerwa zootcha imene madzi sangaigwetse. Ndinali nditatopa kumva kuti nkhalamba yodwala shuga yagona pasukulu ya ku Osiyana, pa simenti, pakati pa ana olira.

Achemwali ankafuna timange kumtunda komweko. Ababa anakana, ati manda a amayi ali kuno, dimba lili kuno, iwo sangakakhale mlendo pa ukalamba. Ine m'malo mothandiza achemwali ndinati palibe vuto, ndiyeza. Ndinali nditaphunzira, eti.

Tinayeza pa vidiyo, Loweruka lina, kwathu kuli m'mawa, kwa ine dzuwa litapendeka. Ndinauza mmisiri agule paipi yaitali yoonekera mkati, aidzaze madzi, nsonga imodzi aigwirizire pa chipsera chapamwamba kwambiri cha pa nsangu paja, inayo apite nayo pamalo omanga. Madzi a m'paipi amalingana mbali zonse, ndiye pamene anaima anakhomapo chikhomo. Ndinati aonjezere theka la mita. Anamanga chiunda cha miyala ndi simenti kufika pamenepo, masitepe asanu ndi awiri, nyumba pamwamba. Ndinawauza azungulize mzere wa penti yofiira m'mphepete mwa chiundacho, monga tinkachitira kuntchito. Anthu anaitcha nyumbayo kuti pasiteshoni, ndipo ababa dzinalo linkawakomera kwabasi. Aliyense wodutsa ankamuitana kudzaona mzere, n'kumuuza kuti mwana wawo ndi injiniya wa njanji ku Australia. Sindinali injiniya ine, ndinali wonyamula ndodo, koma sindinawatsutse chifukwa nane zinkanditsekemera.

Nyumba itatha, tsiku lina kukugwa mvula, tinali pa siteshoni ina imene pokwerera pake m'pokwera ndithu. Ndinayeza, ndinaona kuti pali pamwamba pa mzere, n'kulemba kuti palibe choopsa. Mayi Sakala anawerenga, n'kundifunsa kuti anthu amatulukira kuti. Potulukira panali pamodzi, kanjira kodutsa pansi pa njanji, kotsika kuposa malo onse.

"Iwe Malawi, mvela," anatero m'Chinyanja chawo. "Sitisunga vipupa ise, tisunga bantu. Siteshoni youma yamene njila yake yamila ni msampha. Mizele ni ibili: wa pamene manzi yazafika, na wa pamene uyenela kuchosa bantu. Wachibili ndiye ukulu."

Ndinafufuta zimene ndinalemba. Ndikanama ndikati za kwathu sizinandidutse m'mutu, zinadutsa. Ndinaliona khwawa lija. Koma ndinadziuza kuti munthu amene amaimba chitsulo yekha angatsale bwanji? Ndinati ndidzawauza ndikadzaimba foni Lamulungu. Lamulungu linafika, tinakamba za mbuzi yawo imene inaswa mapasa, za khwawa ndinaiwala.

Foni ya achemwali inandipeza mu Januwale, masana, ndikutuluka m'kalavati youma. Kunkatentha moti njanji zinkachita kunyezimira, udzu wonse wofiira. Achemwali ankalankhula mothamanga, mvula ikumveka pamalata. Anati yagwa usiku wonse, Ruo wakwiya, khwawa lafika m'mawondo, ababa aimba kale chitsulo ndipo anthu akuwoloka. Koma iwo abwerera kunyumba, akhala pampando, akuti sapita. Anati ndilankhule nawo ndine, poti ndine ndinayambitsa.

Ndinawapempha ababa, ndinawachonderera ngati mwana wolirira mpeni. Ndinati njira itsekeka, ndinati jakisoni adzawabaya ndani. Anandisiya ndilankhule mpaka ndinatha mawu.

"Iwe, unayeza kapena sunayeze?"

"Ndinayeza, ababa."

"Madzi alowa m'nyumba muno kapena salowa?"

Apa m'pamene moyo wanga unagawikira pawiri. Ndikanangoti alowa, ndinalakwitsa, thawani, bwenzi atanyamuka nthawi yomweyo, chifukwa injiniya akanena wanena. Koma zaka zonsezo kuntchito anandiphunzitsa kusanena chimene sindinayeze, ndipo ndinkadziwa kuti kuyeza kwanga kunali kolondola. Komanso, ndinene poyera, ndinachita manyazi kudzitsitsa pamaso pa bambo amene anandinyadira mudzi wonse.

"Salowa, koma ababa..."

"Basi. Ngati salowa, ndikukatani kusukulu kukagona ngati mbuzi? Malita apite ndi ana, mawa abwere ndi bwato adzandibaye. Ine ndisunga nyumba yako."

Ndinamva achemwali akulira chapatali, kenako foni inaduka. Ndinaimbanso kakhumi kapena kuposa. Netiweki inali itapita.

Mayi Sakala anandipeza nditakhala pa miyala ya njanji, chipewa chili pansi. Nditawafotokozera anangovula masiki n'kupukuta nkhope. Sanandikumbutse za mizere iwiri ija, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Anandikweza galimoto yawo n'kukanditula ku Girrawheen.

Masiku asanu sindinamve kanthu. A Chisale anali atatsekeredwa kumigodi chifukwa cha mliri, koma ankaimba m'mawa uliwonse kundilamula kuti ndidye, n'kuuza anzanga a m'nyumba asandisiye ndekha. Tsiku lachitatu ndinabwerera kuntchito, poti kukhala m'chipinda kukanandipengetsa. Ndinkaima ndi ndodo yanga m'ngalande zouma, thukuta kamukamu, kuyezera madzi amene mwina adzabwera ine nditafa kale, pamene madzi enieni anali atazinga bambo anga. Ndinkadana ndi dzuwa lija, ndinkadana ndi anthu opita kunyanja atanyamula matawulo, ndinkadana ndi aliyense wondifunsa kuti zikuyenda.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi achemwali anakwera chulu ku Osiyana n'kupeza netiweki. Mawu awo anali ouma, osalira. Anati Ruo anaphulika masana omwe aja n'kudzera m'khwawa, ndipo kunalibe mwini bwato amene analola kuwoloka mkokomo umenewo, ngakhale anawagwadira. Maboti opulumutsa anthu atabwera anayamba ndi amene anali m'mitengo ndi pa zulu. Nyumba yathu ankaiona ili chiimire, youma, n'kumati amenewo ali bwino, tiwapeza. Atafika anawapeza ababa ali pabedi, atafunda bulangete, atazizira kale. Bulangetelo linali louma, ufa m'thumba wouma, machesi ouma. Madzi analekeza zala zitatu pansi pa mzere wanga.

Anandiuzanso chinthu china chimene ndikanakonda asanandiuze. M'mawa uliwonse ababa ankagona chafufumimba pakhonde, n'kutambasula dzanja kukanda ndi msomali pa chiunda pamene madzi afika. Zokanda zinalipo zinayi.

Anawaika ku Osiyana, pakati pa anthu osawadziwa, chifukwa manda a kwathu anali m'madzi. Ine ndinalibe ndege yokwera, ndipo ngakhale ikanakhalapo ndikanapeza atakwirira kale. Maliro ndinakhalira ku Girrawheen. Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ankabwera mosinthana chifukwa cha malamulo a mliri, atavala mamasiki, kuimba nyimbo ziwiri pabwalo n'kumapita. Ambiri ankandipepesa ponena kuti ndinachita mbali yanga, ndinawamangira bambo nyumba yabwino. Ndinkangoti zikomo, mumtima ndikufuna kukuwa. Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, ndipo ine ndinadya nkhuyuzo ndikuseka.

Lipoti lija tinalimaliza. Pa siteshoni iliyonse ine ndinkayamba ndafunsa potulukira, mpaka anzanga anayamba kundinena kuti ndili ndi nthenda ya zitseko. Malire atatsegulidwa ndinawauza Mayi Sakala kuti ndikupita. Anandifunsa ngati ndidzabwerera, ndinati kaya, ndipo sanandikakamize. A Chisale anandiperekeza ku bwalo la ndege akunditukwana njira yonse kuti ndikutaya ntchito yabwino, koma pondisiya anandikumbatira mpaka nthiti kuwawa.

Kwathu ndinapeza mchenga pamene panali madimba. Nyumba zambiri zinali zitapita, koma pasiteshoni panali chiimire, mzere uli psuu ngati aupaka dzulo. Ndinagwada n'kupeza zokanda zinayi zija. Achemwali ankakhala m'nyumbamo ndi ana awo, poti yawo inagwa. Anandilandira, anandiphikira, anandiperekeza kumanda, zonse mwaulemu. Koma munthu amene kale ankanditchula dzina langa laubwana n'kumanditsina khutu tsopano ankati a injiniya. A injiniya madzi osamba ali uko. A injiniya mudya nthawi yanji. Mawu amenewo ankandibaya kuposa kunditukwana.

Chondidabwitsa chinali chakuti m'mudzimo ndinali munthu wotchuka. Za imfa ya ababa ankati ndi shuga, koma za nyumba ankati taonani sukulu. Anthu ankabwera kudzagwira mzere uja ndi manja. Ine ndinagula penti n'kukapaka mzere wina pa nsangu paja, m'munsi, pofika m'mawondo mwa munthu woima m'khwawa. Chitsulo cha ababa chinali chikadalendewera. Palibe amene anabwera kudzauona mzere umenewo.

Amene anandiumiriza kwambiri anali a Semba, mnzawo wa ababa, amene ana awo a ku Joni ankafuna kuwamangira. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinalola, chifukwa ndinadziwa kuti amanga basi, ndiyeze ndisayeze. Ndinatenga paipi yomwe ija, ndinayambira pa chipsera chatsopano chimene anthu anatema pa nsangu paja madzi ataphwa, ndinaonjezera theka la mita, ndinakhoma chikhomo. Kuyeza kwake kunali kwabwino kuposa kwa nyumba yathu.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, a Semba anabwera kudzathokoza atanyamula nkhuku. Anakhala pa sitepe yachitatu, achemwali akupeta mpunga pakhonde. Tinacheza za mbewu, za mitengo ya simenti, kenako anafika pa chimene anadzera.

"Ndiye mwanawe, ndikamanga kufika pa chikhomo paja, madzi adzalowa kapena sadzalowa?"

Kupeta kunaima.

"Adzalowa," ndinatero. "Adzalowa mpaka padenga. Chitsulo chikangolira, nyamukani."

A Semba anati nanga kuyeza konse kuja kunali kwa chiyani, ndipo ine ndinati n'kopulumutsa ufa ndi mabulangete basi. Anadzuka akung'ung'udza kuti sukulu ya masiku ano ndi yongodyera ndalama za makolo. Nkhuku anaisiya, koma anapita osatsanzika.

A Semba anapotera kuseri kwa nsangu. Kenako achemwali ananditchula dzina langa laubwana, koyamba chibwerereni.

"Bodza limeneli linali kuti tsiku lija?"

Anadikira pang'ono, n'kutola lichero lawo kupitiriza kupeta.